Maso Awiri a Moven Kalumba

Moven Kalumba ndinamuona koyamba mu 1986 pamsika wa Matero, atasenza chikwangwani cha malo anga ometerapo tsitsi. Ankaphunzira ntchito kwa a Goliati, mmisiri wa zikwangwani, ndipo lamulo lawo linali limodzi: mutu wa munthu umajambulidwa cham'mbali, diso limodzi, khutu limodzi, kuti kametedwe kaoneke. Moven anajambula mitu yotereyi zaka zisanu ndi ziwiri.

Koma zikwangwani sizinkamudyetsa. Mkati mwa sabata ankalima maluwa kumayadi, penti n'kumugwira Loweruka lokha. Chimene mtima wake unkakhumba chinali kujambula nkhope za anthu, khasu alitule.

Mwayi unadza ndi mayi Monde, amasiye a ku komboni ya George, amene anamupatsa kachithunzi ka pachitupa cha malemu amuna awo kuti akakulitse. Dzanja linatsata chizolowezi, malemuwo n'kuwatembenuzira kumbali.

"Ba Moven, bamuna banga benze na maso yabili," anatero mayiwo. "Manje mwabayanganisa kumbali monga tinayambana?"

Moven anafika kwa ine nkhope itagwa, podziwa kuti akalephera apa akalamba ndi khasu. Ndinamuikira mpando pafupi ndi kalilole. Miyezi itatu, akaweruka, ankakhala maso ndi maso ndi amene ndikuwameta, n'kumawajambula pamakatoni. Oyambawo ankatuluka diso lina likuyang'ana ku Chawama, lina ku Mtendere, ndipo eni ake ankamuseka mpaka misozi. Iye ankangotola katoni ina.

Atawapititsira chithunzi chachiwiri, mayi Monde anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachipukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ni beve, bamuna banga," anatero. Mwezi womwewo Moven anabweza khasu kwa abwana ake, ndipo sanaligwirenso. Nkhope zake zinadzaza m'nyumba za anthu mpaka ku Marapodi.

Kutatsala chaka kuti atisiye, manja atayamba kunjenjemera, ndinamupempha kuti andijambulirenso chikwangwani changa chakale chija, poti chinali chitafwifwa. Anabwera nacho chili ndi mitu isanu ndi umodzi, yonse yondiyang'ana tong'o.

"Iwe Moven, manje kametedwe kazaoneka bwanji?"

"Ba mudala, vakumbali ninasiya kalekale," anayankha akuseka. "Bazaona maso, bazangena mukati."

Ndinachikhoma pakhomo tsiku lomwelo, ndipo chidakali pomwepo.