Pulogalamu Imene Inafuna Kuwongola Mawu a Ankhazi

Ine sindigula chinthu ndisanachiyese. Ngakhale njinga ndimaikwera kaye mpaka kuseri kwa msika, wogulitsa akundithamangira m'mbuyo. Anthu amati ndine wovuta. Eya, ndine wovuta, koma sindinabwererepo kusitolo ndikulira.

Situdiyo yanga ili pa boma la Lundazi, kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya mbewu. Makoma ndinamatamo mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Ndimajambula makwaya, oimba a pa ukwati, ndi anyamata amene amadziona ngati akatswiri chifukwa agula magalasi akuda.

Chaka china, titangokolola mtedza, kunabwera ankhazi anga, mlongo wawo wa bambo, kuchokera ku Magodi. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe. Tsikulo mawu awo anali osasa. Kuchipatala anali atawauza kuti pakhosi pali chotupa, kuti mwezi wotsatira awachita opaleshoni, ndipo mwina sadzaimbanso.

"Mwana wane," anatero, "undijambule nyimbo imodzi ndisanapite ku mpeni. Imodzi basi."

Mtima unandipweteka, sindibisa. Ndinalumbira kuti nyimbo imeneyo ituluka bwino kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo. Koma pulogalamu yomwe ndinali nayo pa laputopu inali yakale, yaulere, yongojambula ndi kudula. Ndiye ndinaimbira mnzanga wa ku Chipata amene amagulitsa mapulogalamu opangira nyimbo.

"Mudala, bwela ku za manje, za makono," anandiuza. "Iyi ili na mapulagini. Olo mbuzi ingaimbe, izamveka monga mngelo."

Mapulagini ndi tizipangizo timene umawonjezera mu pulogalamu, kalikonse ndi ntchito yake. Kena kamachotsa phokoso, kena kamawongola mawu opotoka, kena kamalowetsa oimba onse pa nthawi imodzi. Iye ankafuna ndilipire tsiku lomwelo. Ndinakana. Ndinati andipatse yongoyeserera kwa milungu iwiri, ndione ndekha.

Mavuto anayamba msanga. Ndikatsegula mapulagini atatu pamodzi, laputopu inkatentha, kenaka n'kungoima nganganga, mpaka nditaizimitsa. Pulagini ina inkafuna intaneti nthawi iliyonse ndikaitsegula, kuti itsimikize kuti sindinaibe. Ku Magodi, kwa ankhazi, netiweki umaipeza utakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu. Komabe zimenezi ndikanazipirira. Ndinkafuna kumva mmene ichitire ndi mawu enieni a anthu athu, osati a zitsanzo zobwera nazo.

Lachinayi ndi tsiku limene amayi a kwaya aja amakumana kutchalitchi ku Magodi. Ndinamangirira katundu pa njinga yamoto n'kupita kukajambula pamene ankakonzekera. Nditabwerera ku boma ndinadutsitsa nyimboyo m'mapulagini onse. Inatuluka yosalala, yoyera, ngati ya pa wailesi. Ndivomereze, ndinadzimva. Ndinayenda uku ndi uku m'kachipinda kaja ndikudziombera m'manja ndekha.

Lachinayi lotsatira ndinapita nayo kuti eni ake aimve. Amayi anakhala pa mabenchi, ine ndinaika sipika pa tebulo n'kukanikiza batani, chifuwa chili patsogolo.

Nyimbo inatha. Palibe anaomba m'manja.

Mayi wina wa kumbuyo anafunsa kuti nthungululu zake zapita kuti. Zoona, kunalibe. Pulagini yochotsa phokoso inaziyesa phokoso n'kuzimeza. Wina anati, "Nanga bwanji tikulowa mothamanga ngati tikuthawa mvula?" Amayi a kumeneko salowa pa nthawi ya makina. Amadikira kuti woyambitsa akoke liwu lake mpaka litsale pang'ono kuduka, ndiye n'kumulandira. Pulagini inaona ngati achedwa, n'kuwakankhira kutsogolo onse.

Ankhazi ankamvetsera, manja ali pa mawondo. Kenaka analoza sipika ndi chibwano.

"Mayi ameneyu ngwakuti?"

"Ndinu, ankhazi."

"Yayi," anapukusa mutu. "Waimba bwino. Koma ameneyo sanaikepo mwana m'manda."

Ha! Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ankhazi akamaimba, liwu lawo silikhala pamalo amodzi. Limatsetsereka, limanjenjemera, limatsika ngati munthu akulira mopondereza. Anaika ana awiri m'manda, ndipo aliyense womva amadziwa ngakhale osauzidwa. Pulagini yowongola inatenga zonsezo ngati zolakwika, n'kuziika pa mzere wa kiyibodi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinaimbira mnzanga uja. Iye anati nditsitse mphamvu ya mapulagini. Masiku otsala a kuyeserera ndinathera pamenepo, kutsitsa, kumvetsera, kutsitsanso. Ndikasiyako mphamvu pang'ono chabe, pulagini inkagwirabe liwu lawo pomwe likuyamba kutsika. Ndikatsitsa mpaka pansi, mawu a ankhazi ankabwerera.

"Tsono ndikazimitsa zonse," ndinamufunsa, "ndikugula chiyani?"

"Iwe uzafela mu zakale," anatero mokwiya.

"Chabwino. Gulitsa kwa anyamata a magalasi akuda, iwo akufunadi kuwongoledwa."

Sindikuti pulogalamuyo ndi yoipa. Kwa oimba a kiyibodi imagwira ntchito, ndinamva ndi makutu anga. Koma ntchito imene ndinali nayo siinali yake, ndipo ndinadziwa zimenezo ndisanatulutse chikwama.

Tinajambula ndi pulogalamu yanga yakale ija, maikolofoni awiri, m'tchalitchi momwemo. Tinayamba m'mamawa, malata asanayambe kulira ndi dzuwa, mayi mmodzi ataima pakhomo ndi kamtengo kuthamangitsa mbuzi. Ulendo woyamba wina anatsokomola. Wachiwiri unayenda bwino mpaka ndime yomaliza, pomwe liwu la ankhazi linathyoka pakati pa mawu. Amayi sanaime. Analowa msanga n'kuwanyamula, wa kumbuyo uja n'kuponya nthungululu zake mpaka kudenga.

Ndinavula mahedifoni n'kupempha kuti tibwereze. Ankhazi anagwira pakhosi n'kunena motsitsa kuti, "Zatha, mwana wane. Siya momwemo." Ndinasiya momwemo, sindinakhudzepo kanthu.

Opaleshoni inayenda bwino. Ankhazi ali moyo, amalima mtedza wawo, ndipo amandikalipirabe ndikatha miyezi osapita, kungoti tsopano amakalipa monong'ona. Lachinayi amaimabe kutsogolo kwa amayi, akutsogolera ndi dzanja, milomo ikuyenda popanda liwu. Kuimba kwawo konse kwa moyo wawo, kumene kwatsala pa dziko lino, ndi mphindi zinayi zija basi. Ndipo pa mphindi zinayizo palibe pamene pakuimba munthu wina.