Osapita Wekha ku Chipatala

Ndinakulira ku Ludzi, kufupi ndi mishoni, ndipo kusoka ndinaphunzira komweko. Nditasamukira pa boma la Mchinji n'kuika makina anga pakhonde la golosale ina, ndinkaganiza kuti munthu wamtundu wanga ndilipo ndekha m'boma lonseli: mwamuna amene mtima wake umakonda amuna anzake. Za anthu otere ndinkangozimva pa wailesi, ndipo nthawi zonse amakhala akutukwanidwa.

Amene anandionetsa kuti sindili ndekha ndi mayi wina wophikira chakudya madalaivala a mathiraki pa boda. Anthu ankangowatcha asisi. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya, iwo n'kukulira konkuno. Ankakhala ndi mkazi mnzawo ngati banja, koma oyandikana nawo ankati ndi msuweni wawo. Ankabwera kudzasoketsa makatani ndi maapuloni, n'kumacheza nane kwinaku ndikupalasa makina. Sindikudziwa chimene anaona mwa ine, koma tsiku lina potsanzika anati, "Achimwene, Lamulungu masana mudzafike kwathu. Kuli mtedza wosenda, komanso kuli anthu oti mudziwane nawo."

Ndinapeza anthu ochepa atazungulira mphasa kuseri kwa nyumba, aliyense ndi lichero lake. Wodutsa pamsewu ankangoona aganyu akusenda mtedza. Koma pamphasa imeneyo m'pamene ndinamva koyamba mwamuna akunena za chibwenzi chake chachimuna mosatsitsa mawu. Ndinasenda mtedza mpaka zala kuwawa, koma pobwerera ndinkamva kupepuka.

Pagulupo ndinagwirizana kwambiri ndi mnyamata wina wa msinkhu wanga wochokera ku Mavwere, woyendetsa njinga ya kabaza pakati pa boma ndi boda. Anali wanthabwala, wokhoza kutsanzira malankhulidwe a aku Chipata mpaka tonse kufa ndi phwete. Ndiye atasiya kubwera, tinazindikira msanga.

Ndinakamupeza m'chipinda chake atagona chammbali. Anali ndi zilonda malo obisika, ndipo sankathanso kukhala pachishalo cha njinga.

"Bwanji osapita kuchipatala, aise?" ndinafunsa.

"Ndinapita," anayankha akuyang'ana kukhoma. "Namwino atandifunsa mmene ndinatengera matendawa, ndinamuuza zoona. Anatsegula chitseko n'kuitana anzake kuti, 'Tabwerani mudzaone wamathanyula.' Ndinavala n'kutuluka. Sindidzapondanso."

Kuyambira pamenepo ankangomwa mapilitsi ogula pamsika, koma matenda ankakulabe.

Nditawauza asisi, anati, "Tikamusiya, tikamuika m'manda. Mawa tikupita naye. Ndipo kuyambira lero, palibe wopita kuchipatala yekha."

Ine ndinachita mantha. Kuperekeza munthu amene wadziwika kale kunali ngati kudziulula. Ndinaganiza za makasitomala anga, amayi a kutchalitchi amene ankandipatsa mayunifolomu a kwaya. Koma m'mawa mwake ndinapita, pamodzi ndi asisi ndi mkazi wawo uja.

Chinali chipatala chaching'ono chomwe anamunyozera chija, ndipo tinakhala pabenchi tonse anayi. Itafika nthawi yake, asisi anapempha kuonana ndi mkulu wapamalopo. Chitseko chitatseguka, ndinaona kuti anali bambo amene ndinkawadziwa, chifukwa akazi awo ankapemphera limodzi ndi mayi anga kulimana, kagulu ka mapemphero ka kumudzi kwathu.

"Iwe, ukutani kuno?" anandifunsa.

"Ndaperekeza mnzanga, bambo."

Asisi anafotokoza zonse, osakweza mawu. Bambowo anamvetsera, n'kumulowetsa mnzangayo, n'kutseka chitseko. Mnzangayo anatuluka ndi mankhwala, ndipo pakutha pa masabata angapo anayambanso kupalasa njinga.

Ine ndinkaona ngati nkhani yathera pomwepo, koma asisi anakana. "Uyu wachira chifukwa tinamuperekeza. Nanga wa ku Mlonyeni amene sitikumudziwa?" Anabwerera kwa mkulu uja kangapo mpaka anavomera kuti tidzalankhule ndi ogwira ntchito onse.

Tinakumana masana ena m'chipinda chimene amayi amayezetsera ana sikelo. Tinali titapangana kuti wolankhula akhale asisi okha. Koma atangomaliza, namwino wina wachikulire anati, "Mayi, zimene mukuikira kumbuyozi Baibulo limakana. Komanso anthu ake ali kuti? Ife timangomva kuti ndi za m'tauni."

Ndinangozindikira ndaimirira.

"Mmodzi ndine, amayi," ndinatero. "Ndine wa ku Ludzi konkuno. Diresi limene mwavala mkati mwa juzilo ndinasoka ndine. Sitinabwere kudzapempha kuti mutidalitse. Tikupempha kuti tikadwala muzitipatsa mankhwala, ndipo chitseko chizikhala chotseka."

Namwino amene ananyoza mnzanga uja ananyamuka n'kutuluka. Wachikulire uja anayang'ana diresi lake, kenaka ine. Pomaliza, mtsikana wina amene anali atangoyamba kumene ntchito anatitsatira panja n'kutiuza masiku amene amakhala pa ntchito. "Muziwauza anzanuwo azifunsa ine," anatero.

Zimene tinapindula ndi zimenezo. Si zambiri, koma anthu athu anayamba kupita, awiriawiri, ndipo ena ochokera m'midzi anayamba kufika pamphasa ya asisi atamva kwa anzawo.

Koma zotsatira zake zowawa sizinachedwe. Mayunifolomu a kwaya anasiya kubwera. Anyamata ena a pa depoti ankandiimbira mluzu ndikamadutsa, ndipo tsiku lina ndinapeza makina anga atathiridwa mchenga. Mwini golosale anandithandiza kuwapukuta, osafunsa chilichonse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anamva kapena ayi.

Kenaka kunabwera mayi anga. Anatsika minibasi, n'kukhala pampando wa makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

"Ndamva," anatero.

"Eya, amayi."

"N'zoona?"

"N'zoona."

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana magalimoto opita ku boda. Ndinkadikira kulira kapena kukalipa, koma sizinabwere.

"Ine sindikuzimvetsa," anatero pomaliza. "Ndapemphera, koma sindikuzimvetsabe. Amalume ako akuti usapondenso pakhomo. Ndawauza kuti pakhomopo m'panga." Anaimirira n'kukonza chitenje. "Chimanga chauma. Ubwere udzandithandize kukolola."

Ndinapita. Amalume anandidutsa panjira osayankha moni wanga, ndipo akazi ena pachitsime anasiya kulankhula nditayandikira. Ine ndi mayi tinakolola munda wonse, tikukamba za mtengo wa feteleza, za mvula, za denga lodontha. Za ine sitinakambe, ndipo mpaka pano sitinakambeponso.

Nthawi zina zimandipweteka kuti pali mbali ya moyo wanga imene mayi safuna kuiyang'ana. Nthawi zina ndimaganiza kuti nawonso akulimbana ndi anthu awo, m'njira yawo, kumene ine sindikuona. Tsiku lobwerera ku boma anandiperekeza mpaka pamsewu, masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona, ndipo anaima nane pomwepo mpaka minibasi inabwera.