Sitima za Batate

Chidwalireni korona, chifuwa chimandithina ndikangoyenda kuchoka kumsika kufika pa siteshoni. Fungo la girisi wa njanji pamenepo limandikumbutsa Batate.

Ndili mwana, iwo anadwala chimfine chachikulu, n'kuchira. Koma kuyambira pamenepo, tikamachokera kutchalitchi ankaima pamalo omwewo n'kutsamira mpanda.

"Imilila, mwana wanga, tione sitima."

Njanji zinkangonyezimira padzuwa, zopanda kanthu. Ine ndinkadumphadumpha, ndipo ndinkadzitama kwa anzanga kuti mu Kafue monse palibe wokonda sitima ngati Batate. M'chifuwa mwawo mukamalira, ndinkati akuiimbira likhweru kuti ibwere.

Dzulo mwana wanga anandikoka dzanja pampanda womwewo. "Bamami, tiyeni."

Ndinakoka mpweya kaye. "Imilila," ndinatero, "tione sitima."