Ulusi Wofiira wa Mayi Edna

M'mawa uliwonse, asanakwere basi ya ku Wembley mumzinda wa London, Mayi Edna ankamanga ulusi wofiira pa kachala kawo kakang'ono. Mfundo ziwiri, n'kudula ndi mano.

Ntchito yawo inali yolera ana awiri a banja lina lochokera ku Japan. Anawo ndiwo anawaonetsa zimenezi m'timabuku tawo ta nthano. Ati okondana amalumikizidwa ndi ulusi wofiira, ndipo akamalonjezana amakolana tizala. Wophwanya lonjezo ameze singano chikwi.

Mayi Edna anangoziseka. Koma mu 1993, amuna awo a Felton akupita ku Zomba kumaliro, anakolana nawo tizala pabwalo la ndege, mwamacheza chabe.

"Mundidikira?" anafunsa a Felton.

"Mpaka mubwere."

"Nanga ndikachedwa?"

"Iii, inu, ndege ikusiyani!"

Patatha miyezi iwiri kunabwera kalata. A Felton anali atamwalira pa ngozi ya minibasi. Ulusi uja anayamba kumanga tsiku limenelo.

Zaka zinayi zinadutsa. Ndiye panali a Bonface a ku Chipata, oyendetsa basi yomwe ankakwera ija, munthu woleza mtima. Tsiku lina anawauza kuti, "Amai, wakufa sabwela na ndeke. Tikwatilane cabe."

Mayi Edna anaganiza mwezi wathunthu, kenako anavomera. Loweruka m'mawa anadula ulusi ndi sizasi, n'kuutaya m'bini.

Masana omwewo akumwa tiyi, china chake chonga singano chinawabaya kukhosi. Anati mwina ndi chimfine. Mawa lake zinali ziwiri. Pofika Lachisanu madzi omwe sankatsika. Kuchipatala cha ku Edmonton anawajambula kangapo, madokotala osapeza kanthu. Koma pakachala paja panatuluka mzere wofiira wozungulira, ndipo nthawi zina kachalako kankadzuka kokha pabulangete, kuloza kuchitseko, ngati wina akukoka pang'onopang'ono.

A Bonface ankabwera tsiku lililonse akaweruka, atanyamula malalanje omwe Mayi Edna sakanatha kudya. Lachiwiri anawapeza atayang'ana kuchitseko, maso ali gwa.

"Muona ndani?" anafunsa a Bonface.

"Afika. Angochedwa basi." Mawu ankatuluka movutikira. "Pepani, bambo, inu simunalakwe. Tsegulani chikwama changacho, muli ulusi. Mundimange mfundo ziwiri. Koma musadule, siyani wautali ufike pakhomopo."