Mgolo Wotsiriza wa Mauricette

Mauricette Bouveret anakalambira m'nyumba yomwe anabadwiramo, m'munsi mwa thanthwe la Château-Chalon. Munda wa mpesa wa bambo ake unali pamalo otsetsereka, pa dothi lotuwa lonata limene mvula ikagwa limakakamira ku nsapato mpaka munthu kutalika. Anayamba kumangirira nthambi ku waya asanayambe n'komwe sukulu, ndipo kuchokera pamenepo chaka chilichonse chinkabwera ndi nkhondo yake. Mwina chisanu cha mu Epulo chiwaule mphukira zonse m'mawa umodzi, mwina matalala, mwina mvula yooletsa mphesa zitangotsala pang'ono kupsa. Mphesa zake nazo, za mtundu wa savagnin, ndi zamakani. Anthu a kwina amakhala atakolola kale, phwando atadya, kuno akudikirabe, n'kudzathyola zala zili gwa ndi kuzizira. Ndipo zisanathyoledwe pamabwera akuluakulu oyendera minda kudzalawa. Akapukusa mitu, chaka chimenecho palibe vinyo wotchedwa dzina la mudziwo. Mauricette anaziona zaka zotere, ndipo analeka kulira nazo akadali mtsikana.

Vinyo wachikasu wa kwawoko safuna munthu wa manja oyabwa. Amamuthira mu mgolo wakale, m'chipinda cha kudenga kumene kumawotcha nthawi yotentha ndi kuzizira koopsa nthawi yachisanu, n'kumuiwala. Vinyoyo amaphwa pang'onopang'ono, mu mgolo n'kutsala mpata, ndipo pamwamba pake pamamera kansalu kotuwa ka yisiti kamene eni ake amangoti chophimba. Ndicho chimamuteteza kuti asasanduke viniga, ndichonso chimamupatsa fungo longa la mtedza. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi itatu suthiramo ngakhale dontho, ndipo mgolo suugwedeza. Ukathira, chophimba chimang'ambika n'kumira, ndipo vinyoyo sangatchedwenso wachikasu.

Mwamuna wake, Firmin, anali wa ku Bourgogne, kutsidya kwa chigwa, kumene mgolo wosadzaza ndi manyazi a mwini nyumba. Kumeneko mnyamata amayamba ntchito ndi jagi m'manja, kuyendera migolo sabata iliyonse n'kumaidzaza mpaka pakamwa kuti mpweya usalowe. Atakwatira anadzakhala pachikamwini. Tsiku loyamba kukwera kudenga ndi apongozi ake, a Anselme, anagogoda mgolo umodzi, n'kumva kuti mkati muli mpata. Nkhope inasintha.

"Bambo, migolo yanuyi ili ndi ludzutu," anatero Firmin. "Jagi mumasunga pati?"

"Mkamwini, manja m'thumba," anayankha a Anselme. "Kwanu vinyo mumamulera ngati khanda, kuno amadzionera yekha. Mwana wanga mwatenga, sindinakane. Koma tsiku lomwe mudzathire kanthu mu mgolo wanga, mudzabwerera kwanu pa kanjinga komwe munabwera nako."

Firmin anamva. Zaka makumi anayi akakwera kudenga manja ankakhaladi m'thumba, ngakhale kuti pamudzi dzina loti Wajagi linamukanirira mpaka imvi. Anali munthu wofatsa, wodziwa kudulira mpesa kuposa eni dziko, ndipo akamunena ankangoseka.

A Anselme anamwalira. Mwana mmodzi yekha wa m'nyumbamo, Nadège, anapita kukagwira ntchito ku Lyon, atanena mosabisa kuti iye matope a kumapiri ayi. Mawondo a Mauricette atayamba kukana chitunda, mundawo anaubwereketsa kwa Régis, mnansi wawo. Zokolola zawo zomaliza zinakwana migolo itatu. Wina unasasa chaka chachiwiri. Wina chophimba chinakana kumera, anangougulitsa ngati vinyo woyera wamba. Unatsala umodzi, ndipo umenewu unkayenda bwino moti Mauricette akatsegula kampopi kake kuti alawe, ankatseka msanga ngati angaulodze ndi maso. Ndiwo unali wotsiriza kudzalembedwa dzina la Bouveret. Iye sankayembekezera kulemera nawo. Ankangofuna kuti pa zonse zimene moyo unamudulira panjira, chimodzi chokha afike nacho kumapeto.

Koma zaka zomwe vinyo ankakhwima kudenga, mutu wa Firmin unkaphwa pansi. Anayamba n'kuiwala mayina a zipangizo. Kenaka nsapato zinkapezeka mu firiji. Kenaka tsiku lina patebulo anamuyang'ana mkazi wake mwaulemu n'kumufunsa kuti, "Mayi, kodi inu mumakhala konkuno?" Mauricette anati inde, n'kumuonjezera supu.

Madzi saiwala khwawa. Zaka makumi anayi za ku Château-Chalon zinafufutika, n'kutsala mnyamata uja wa ku Bourgogne. M'mawa wina Mauricette anamupeza m'munsi mwa masitepe a kudenga, jagi ili m'manja. Tsiku lomwelo anagula loko, kiyi n'kuika m'thumba la epuloni yake. Kuyambira pamenepo epuloniyo ankaivula pogona pokha.

Firmin sanaleke. Ankakwera, n'kuima pachitseko chokhomacho, n'kumachigwedeza.

"Tsegulani, chonde. Abwana akapeza sindinadzaze andichotsa ntchito."

"Abwana anu apita kumsika, bambo. Ati lero mupume."

"Vinyo sapuma, mayi. Inu zimenezi simungazidziwe."

Mauricette anayesa nzeru. Anatenga mgolo wakutha wa m'shedi, anauthira madzi ndi vinyo pang'ono wongosintha mtundu, kuti bamboyo azidzaza umenewo mtima ukhale m'malo. Firmin anachotsa chitsekerero, ananunkhiza kamodzi kokha, n'kumuyang'ana ndi diso lachipongwe. "Ndani akundiyesa chitsiru pano? Awa ndi madzi otsukira mbale." Nkhope ya mkazi wake anali ataiwala, koma mphuno inali yamoyo.

Régis naye anabwera ndi maganizo ake, tsiku lomwe anawabweretsera chigubu cha vinyo woyera wa chardonnay woti azimwera chakudya.

"Amayi, bwanji mgolowo tiutsitse ukakhale kwanga? Mwina mungamagoneko tulo."

"Kuutsitsa? Pa masitepe aja? Régis, iwe unabadwira kuno kapena anachita kukutola pamsewu wa ku Dijon? Chophimba chingafike pansi chili chamoyo?"

"Ndimangoti ndithandize, amayi."

"Ukafuna kuthandiza undibwereke mawondo akowo."

Nadège ankaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo nkhani inali imodzimodzi, yoti kuli nyumba zabwino zosamalira okalamba. Mauricette ankayankha kuti Firmin si kabati yoti n'kukaisungitsa kwa anthu. Koma akadula foni, mumtima ankadziwa kuti mwanayo sakunama. Anali atatopa. Kunali kutopa kosatha ndi tulo, kwa kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, kwa kuyankha funso limodzi kakhumi, kwa kutchera khutu ku masitepe ngakhale ali m'bafa. Masiku ena ankadana nawo mgolowo, masiku ena ankadana ndi Firmin, ndipo zonse ziwiri zinkamuchititsa manyazi.

Unafika Disembala womaliza. Mgolo unali woti utsegulidwe chaka chikangotembenuka, nthawi yomwe midzi ya kumeneko imachita phwando lotsegulira vinyo wachikasu. Tsiku lina kunali mvula ya mawawa yozizira. Firmin anatuluka m'mawa osavala jekete, ndipo Mauricette anakamupeza pamsewu wotsikira ku Voiteur akudikira basi yopita kwa mayi ake, amene anamwalira kalekale. Anabwera naye, onse atanyowa. Anamusintha zovala, anamudyetsa, anamukhazika pampando pafupi ndi mbaula. Epuloni yake inali itanyoweratu, choncho anaivula n'kuiyanika pa mpando wina. Anakhala pansi kuti angowongola miyendo pang'ono.

Chinamudzutsa ndi bata. Nyumba ya munthu wodwala mutu sikhala zii chonchija popanda chifukwa. Mpando wa Firmin unali wopanda munthu. Epuloni inali pansi, thumba litatembenuzidwa. Chigubu cha Régis chinali pakati pa khitchini, chopendekeka, ndipo madontho a vinyo ankalondolera ku masitepe.

Mauricette sanathamange, mawondo sakanalola. Anakwera sitepe imodzi imodzi atagwira khoma, ndipo fungo linamuchingamira asanafike pamwamba.

Firmin anali ataima pa mgolo, manja a malaya atapinda, msana uli chilili ngati wa mnyamata. Ankapendeketsa jagi mosamala, osataya ndi dontho lomwe, monga anamuphunzitsira ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Nkhope yake inali yowala. Mauricette anali asanaione choncho kwa zaka.

"Mayi, anthu a nyumba ino ndi osasamala," anatero Firmin osacheuka. "Vinyo wabwino chonchi kumusiya ndi ludzu! Akanafa ameneyu. Mwayi wake ndafika nthawi yabwino."

Mauricette anatenga tochi yomwe inkakhala pa khoma n'kuunika pa bowo la mgolo. Chophimba chinali chitang'ambika. Tizidutswa totuwa tinkazungulira pang'onopang'ono n'kumamira. Anayang'ana mpaka mkono unatopa ndi tochiyo. Madzi akatayika saoleka, ndipo iye sanali munthu woti n'kukhala chete, kudikira phwando, n'kukalembetsa dzina la bambo ake pa vinyo wosakaniza.

Ankaganiza kuti tsiku lotere likadzafika adzakuwa, mwina kumumenya kumene. Koma sanachite chilichonse mwa izi. Zinamupweteka kwambiri, kupweteka kwa maliro. Ndipo pansi pa ululuwo panali kanthu kena komwe sakanauza munthu: phewa linapepuka. Kunalibenso choti alondere.

Firmin anagogoda m'mbali mwa mgolo ndi chala, n'kutchera khutu.

"Sunadzazebe," anatero modandaula. "Ndakwera ndatsika, miyendo yayamba kunjenjemera. Mwatsala vinyo pang'ono m'chigubu muja. Mungandithandize, mayi? Pepani kukutumani."

Mauricette analandira jagiyo. Anatsika masitepe chammbali, monga ankatsikira masiku onse, anakhuthula vinyo wotsala m'chigubu, n'kukweranso, akupuma pa sitepe iliyonse kuti asataye. Firmin anailandira ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, mayi, muli ndi mtima wabwino," anatero, n'kuyamba kuthira. "Mukamuona mkazi wanga mumuuze abwere adzaone. Akondwa kwabasi."