Katundu wopanda chizindikiro

Ntchito yauphunzitsi idandipeza ndili khale pakhomo ku Redcliff. Chaka cha 2008 ng'anjo za fakitale yazitsulo zidazima, aphunzitsi nkumwazikira ku Joni ndi ku Botswana. A hedi adakumana ndi amayi kutchalitchi. "Mwana wanu uja adakhoza bayoloje? Abwere Lolemba." Kuyesedwa kwanga kudathera pomwepo.

Maikulosikopu idalipo imodzi, koma babu lake lidapsa kalekale. Tsono pophunzitsa momwe selo imasankhira katundu wake, ndinkatola timapepala ta mafirizi oyamwa aja, zitsekerero za mabotolo ndi ulusi wamitundumitundu. Chitsekerero ndiye puloteni, ulusi ndiye chizindikiro chake. Ana ena ankakhala mapuloteni osankha: aone ulusi, asonkhanitse zofanana, akulunge m'kapepala, amange kukamwa, kathumba kanyamuke kupita komwe kakufunika. Ambiri ankabwera osadya, ine chimodzimodzi, ndipo palibe ankazitchula.

Amene ankamanga msanga kuposa onse anali Esinati Phiri. Mayeso a Novembala ndiwo ankayembekeza kuti amutulutse m'komboni. Koma agogo ake adachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi m'dziko la eni lino, ndipo bambo ake adamwalira chitupa chawo chikunena kuti ndi mlendo. Esinati adalibe chikalata cha kubadwa, ndipo popanda icho sakadalembetsa mayeso. Ine ndidazidziwa tsiku lotseka kalembera.

"Hapana zvekuita," adatero a hedi, kutanthauza kuti palibe chochita. "Mukamuuze ndinu, ndi wakwanu." Ankatero poti agogo anganso adachokera ku Dedza.

Ndidamuuza pakhonde, mawu anga ali phwa ngati ndikulengeza nthawi yopuma. Sindidamve chisoni, sindidamve kanthu. Iye adangogwedeza mutu, nkulowa m'kalasi, nkukhala pamalo pake. Phunziro lili mkati adakweza dzanja, m'manja muli chitsekerero chomwe ulusi wake udathothoka.

"Ticha, ko ichi chopanda chizindikiro chimapita kupi?"

Ndidayankha monga buku linenera, kuti chotero palibe amachisankha, chimangotengedwa ndi zinzake mpaka chikatulukire kunja kwa selo. Adalemba yankholo bwinobwino, nkulitsekera mzere kunsi. Sabata yotsatira sadabwere. Ndidamva kuti ali ku Shurugwi, akuphikira makorokoza, anyamata okumba golide.

Mpaka lero ndikuphunzitsa. Tsiku loyamba la Fomu 3 sindigwira choko. Ndimafunsa mwana aliyense ngati ali ndi chikalata cha kubadwa, ndipo amene wayang'ana pansi ndimapita naye ndekha kwa makolo ake tsiku lomwelo.