Ndime yomwe ndinawotcha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinayatsa moto m'munda wa bambo anga ku Chikweo, ndipo ndinkayesa kuti ndikuwathandiza.

Munda wathu unkandichititsa manyazi. Anzathu onse ankasosa ndi kuwotcha, minda yawo n'kukhala mbee ngati bwalo losesa. Koma bambo, chiphunzirireni kwa mlangizi wina za kuphimbira nthaka, ankagoneka mapesi pansi, n'kumasiya zitsa za mitengo kuti ziphuke. Nthaka yathu inali itatheratu, mchenga wokhawokha, ndipo chakudya chathu chonse chinkachokera momwemo. Chimenecho chinali chaka chachitatu bambo akuinyengerera. Kusukulu anzanga ankandiseka: "Iwe Asiyatu, kodi kwanu makasu anaba?" Mtima unkandiwawa zedi.

Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, bambo atapita ku mzikiti, ndinatenga machesi. Mapesi ouma sachedwa. Moto unathetheka, mphepo n'kuutenga, nkhwali ziwiri n'kuuluka m'ziyangoyango zikulira. Pamene anthu ankauzimitsa ndi nthambi n'kuti utadya kale ndime yonse yakumunsi, pamodzi ndi timitengo ta nsangu tomwe bambo ankatisamala ngati ana.

Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Bambo anangoima nthawi yaitali, akadali mumkanjo wawo woyera, akuyang'ana phulusa.

Mawa lake masana ananditengera kumunda. Anakankha mapesi pomwe moto sunafike.

"Pisa dzanja apa."

Dothi linali lozizira ndi lofewa, tizilombo tili yakaliyakali. Atandigwiritsa pa ndime yopsa ija, ndinachotsa dzanja msanga. Panali potentha ndi pouma gwa.

"Ababa, ndimafuna munda uoneke bwino. Anthu amatiseka."

"Iyayi, mwana wanga, sindikumenya. Ndime iyi ndi yako tsopano. Ulime wekha, uone chimene ikupatse."

Mu Januwale mvula inadula milungu itatu. Chimanga cha bambo chinapirira, changa chinafota, masamba n'kupota ngati chingwe. Ndinakolola dengu limodzi, losadzaza n'komwe, ndipo ndinalira nalo pamutu njira yonse, podziwa kuti nkhokwe yathu yaperewera chifukwa cha ine. Bambo sananditonze ngakhale tsiku limodzi. Anangondipatsa mbewu ya nandolo, n'kumandithandiza kututa udzu wophimbira.

Panapita zaka zinayi kuti dothi la ndime ija lidenso. Nkhwali zinachedwa koposa. Zinabwerera bambo atamwalira kale, ndipo sanazimve.

Lero ndili ndi munda wanga kufupi ndi Balaka, wauve kuposa wa bambo. Odutsa amaseka, ine ndimangowapatsa moni. Ndinazindikira mochedwa kuti zinyalala zomwe zinkandichititsa manyazi zinali chofunda cha nthaka ndi mudzi wa zamoyo zambiri. Nkhwali ikalira m'mawa m'kati mwa nandolo, ndimayamba ndatula khasu pansi, kuti ndiimvetsere m'malo mwa bambo.